Kamphumi Anapambana, Bambo Walter Ali Pansi

Zikomo amayi a tcheya pondipatsa mpata. Abale ndi alongo, ambiri mwa inu mumandidziwa kuti ndine mayi a Tadala a ku Evington, amene ndimaima mzere wakumbuyo ku kwaya. Dzina langa ndine Esnart. Kwa chaka ndi miyezi ingapo ndinkatchova juga pa mipikisano ya akavalo, ndipo chifukwa cha juga imeneyo pali munthu wina wokalamba amene sadzayendanso ndi miyendo yake. Ndayambira pamenepa dala, kuti wina asakhale akudikira nkhani yokoma.

Anthu akamva amandifunsa kuti, mayi wa ku Ntcheu ndi akavalo zinakumana pati? Zinakumana pantchito. Ndinkagwira ya keya, ija yoyenda m'makomo kusamalira okalamba, ndipo pakati pa anthu amene ndinkawayendera panali bambo Walter. Anali ndi zaka zopitirira makumi asanu ndi atatu, amakhala okha m'nyumba yawo kufupi ndi paki ya ku Evington, mkazi wawo anamwalira kale. Mwana wawo Janet ankakhala ku Loughborough, amabwera Loweruka. Moyo wawo wonse bambowa anagwira ntchito m'makola a akavalo othamanga, kuyambira ali mnyamata wosesa ndowe mpaka kukhala woyang'anira anzawo. Anali aafupi, miyendo yamatewe, manja aakulu osalingana ndi thupi.

Ine ndinkafika kwa iwo masana: kuwatenthetsera chakudya, kuwapatsa mankhwala, kuwaperekeza kuchimbudzi, chifukwa ankayenda ndi chogwirira chachitsulo ndipo pepala la chisamaliro chawo linanena momveka bwino kuti akaimirira, wina akhale pambali pawo. Maso awo anali atayamba kufooka. Tsiku lina anandipempha kuti ndiwawerengere tsamba lakumbuyo la nyuzipepala, pamene pamakhala mayina a akavalo othamanga tsiku limenelo. Ndinawerenga mayina, koma anati ayi, manambala ali pambaliwo ndiwo akufuna. Ndinafunsa kuti manambalawo ndi a chiyani. Funso limenelo ndilo linanditsegulira chitseko.

Anandiuza kuti nambala iliyonse ndi malo amene kavaloyo anamaliza pa mpikisano wam'mbuyo, ndipo yakumapeto ndiyo ya posachedwa. Amatcha fomu, monga mmene timanenera kuti timu yakuti ili pa fomu. Koma anati manambalawo amanama ngati sudziwa kuwafunsa. Kavalo womaliza wachisanu pakati pa akatswiri akhoza kuposa amene anapambana pakati pa ofooka. Wina amakonda nthaka yofewa ya mvula, wina youma. Wina ndi wa mtunda waufupi, ukamutalikitsira amathera panjira. Ine kusukulu masamu ndinkawakonda kwambiri, kungoti fizi inathera pa Fomu 3. Apa ndinamva ngati wina wandibwezera choko m'manja.

Chimene chinkandisangalatsa koposa chinali cha akavalo aang'ono, azaka ziwiri, amene amayamba kuthamanga nyengo yozizira ikatha. Iwowa alibe manambala, kapena ali ndi imodzi yokha. Ndiye umadziwa bwanji? Bambo Walter anati, kavalo akakhala alibe mbiri, umawerenga mbiri ya munthu amene akumuphunzitsa. Mphunzitsi wina amafuna mwana wake apambane tsiku loyamba lomwelo. Wina tsiku loyamba amangomutumiza kukaona dziko, kuti azolowere phokoso ndi kutseguka kwa zitseko zoyambira, ndipo amadzaonetsa mphamvu ulendo wachiwiri kapena wachitatu. Umayang'ananso ngati khola lonselo likuchita bwino masabata awiri apitawa, chifukwa chifuwa chikalowa m'khola onse amathamanga ngati anyamula matumba. Umayang'ana mwezi umene kavaloyo anabadwa, poti wobadwa mu Febuluwale ndi wamkulu kwa wobadwa mu Meyi ngakhale pepala likuti onse ndi azaka ziwiri. Umayang'ana bambo ake, kuti ana ake ena amakonda nthaka yotani. Ndinagula kope. Pa basi ndinkawerenga zimenezi ngati mwana wa mayeso.

Ndinene apa kuti bambo Walter sankabetcha. Tinkangosankha, iwo awo ine anga, n'kulemba ndi pensulo kuseri kwa envelopu, mawa n'kuona amene walasa. Ankati munthu amene wagonapo m'khola ndi kavalo wodwala amadziwa kuti zimene sitidziwa ndi zambiri kuposa zimene zili papepala. Ine mawu amenewo ndinawatenga ngati zokamba za nkhalamba. Sabata ina ndinalasa atatu motsatizana, ndipo pobwerera kunyumba ndinayamba kuwerengera mumtima kuti ndikanaikapo ka faifi paundi pa aliyense, bwenzi zili bwanji. Ndisanatsike basi, apu yobetchera inali italowa kale mufoni.

Zotsatira zake sinditaya nazo nthawi, chifukwa ena mwa inu mukuzidziwa kuposa ine. Poyamba ndinkapambana, ndipo ndinkadzitama mumtima kuti ine si wa juga, ndine wa masamu. Kenako ndinaluza, n'kufuna kubweza. Kope lija ndinasiya kulembamo. Ndinayamba kuika ndalama pa akavalo amene sindinawawerenge n'komwe, kenako pa agalu, kenako pa mipikisano ya kumayiko amene sindidziwa kuti ali mbali iti. Ndinabuka mashifiti owonjezera, kunyumba n'kumanena kuti ndi za denga la amayi kumudzi. Denga silinaone kanthu. Amuna anga, bambo a Tadala, amayendetsa basi, ndi munthu wosakonda kufufuza mnzake, ndipo ine kufatsa kwawoko ndinakusandutsa chophimba changa. Tadala akandiuza za kusukulu ndinkayankha kuti eya, maso ali pafoni, mpaka mwana anasiya kundiuza. Kutchalitchi kuno, ulaliki uli mkati, ndinkatuluka ngati ndikupita kuchimbudzi. Amayi a Phiri munandifunsapo ngati ndili ndi vuto la chikhodzodzo. Linalipo vuto, koma silinali limenelo.

Ndiye kunabwera kavalo wina wamng'ono, wamkazi, wofiirira, wa banga loyera pamphumi. Dzina lake la Chingerezi ndilisiya. Ine ndinkamutchula kuti Kamphumi. Ameneyu anandibwezera ku kope langa, chifukwa ndinamuona pa mpikisano wake woyamba ndipo china chake chinandigwira. Zitseko zitatseguka anachedwa kutuluka. Anathamanga mutu uli m'mwamba, akuyang'ana uku ndi uku ngati mlendo pa depoti. Koma chakumapeto, anzake atayamba kutopa, iye m'pamene anazindikira chimene anabwerera, n'kuyamba kudutsa mmodzimmodzi, wokwerapo wake osamukhudza n'chikwapu komwe. Anamaliza wachinayi. Papepala inangokhala nambala 4, yosakopa aliyense.

Ndinakhala masiku atatu ndikufufuza. Anabadwa mu Febuluwale. Ana ena a bambo ake ankakonda nthaka yofewa. Mphunzitsi wake, bambo wina wa chakumpoto, ndinatsata mbiri yake zaka zingapo m'mbuyo, n'kupeza kuti akavalo ake aang'ono amakonda kupambana ulendo wachiwiri, ndipo khola lake mwezi umenewo linali lotentha. Mpikisano wachiwiri wa Kamphumi unali ku Nottingham, mtunda wotalikirapo pang'ono, ndipo mvula inali itagwa masiku awiri. Chilichonse chimene bambo Walter anandiphunzitsa chinkaloza kavalo ameneyu. Ndinatenga malipiro onse a mwezi umenewo n'kuika pa iye. Ndinadziuza kuti akapambana ndibweza zonse, ndifufuta apu, palibe amene adzadziwe.

Mpikisano unali cha m'ma 2 koloko masana. Ndinakonza zoti nthawi imeneyo ndikhale pa basi, koma kunyumba ina kunandichedwetsa, moti nthawi itakwana ndinali ndikadali kwa bambo Walter. Anali atadya, ndinali nditawaperekeza kubafa, ndipo anali ataima pasinki akusamba m'manja, chogwirira chawo chili pambali. Foni inanjenjemera m'thumba la yunifomu. Ndinawauza kuti agwire sinkiyo, asasunthe, ndikatenge thaulo loyera. Thaulo linali pomwepo kuseri kwa chitseko. Ndinapita kukhitchini, n'kutsegula foni.

Mpikisano woterewu sutenga nthawi, ndi mphindi imodzi ndi timasekondi. Kamphumi anatuluka bwino, anakhala wachitatu m'mbali mwa mpanda. Atangopitirira theka la mtunda, ndinamva chitsulo chikukhuluzika pa matailosi, kenako chinthu cholemera chikugwa. Sanakuwe. Anangobuula kamodzi.

Apa ndi pamene ndimafuna mumve bwino, chifukwa kwa nthawi yaitali ndinkapalumpha ndikamafotokoza. Ndinamva, ndinadziwa chimene chachitika, ndipo sindinathamange. Ndinaima pomwepo pafupi ndi ketulo, foni m'manja, mpaka akavalo anafika pamzere. Mwina anali masekondi makumi awiri, mwina makumi atatu. Kamphumi anapambana, ndipo anapambana mosavuta. Kuwerenga kwanga konse kunali kolondola. Nditaona zimenezo m'pamene ndinaika foni m'thumba n'kupita kubafa.

Ndinawapeza atagona chammbali pakati pa sinki ndi bafa, mwendo umodzi utatembenukira kunja. Ndinachita zonse zimene tinaphunzitsidwa: osawadzutsa, kuwafunditsa, kuimbira ambulansi, kuimbira ofesi, kuimbira Janet. Anathyoka fupa la m'chiuno. Mu ripoti ndinalemba kuti ndinatuluka kukatenga thaulo ndipo ndinabwerera nthawi yomweyo. Manijala wathu anandichenjeza kuti ndisamasiye munthu ataima, nkhani n'kuthera pomwepo. Janet ananditumizira uthenga wondithokoza kuti ndinachita changu. Ndipo ndalama zija, zimene zinayenera kutseka zonse, sabata isanathe ndinali nditazibwezera komwe zinachokera. Apu sindinaifufute.

Patatha masabata atatu Janet anandiimbira kuti bambo ake achita opaleshoni, asamutsidwira ku wodi yophunzirira kuyenda, ndipo akundifuna. Ndinayesa kuzemba, ndinati mashifiti achuluka, koma anati akhala akufunsa tsiku lililonse. Ndinapita Lachinayi masana, nditagula mphesa. Ndinawapeza atakhala pampando pafupi ndi zenera, atachepa ngati mwana, manja aakulu aja ali pabulangete. Anacheza nane pang'ono za chakudya cha m'chipatala, kenako anatuma Janet kuti akawagulire tiyi ku kantini ya pansi, ati wa mu wodi ndi madzi otsukira mbale. Janet atatuluka anandiyang'ana.

"Anapambana eti, kamtsikana kako kaja."

Ndinayankha kuti sindikudziwa chimene akunena. Anapukusa mutu pang'onopang'ono.

"Esnart, maso ndi amene anafa, makutu ali moyo. Makoma a nyumba ija ndi opyapyala. Ndili pansi paja ndinamva wolengeza mpaka pamzere."

Ndinkayembekezera kuti akalipa, kapena aitana nesi, ndipo mwina zikanandipepukira. Koma iwo anatsamira kutsogolo, nkhope yawo ili ngati mmene inkakhalira tikatsegula nyuzipepala, n'kuyamba kundifunsa mafunso. Anathamanga bwanji? Mutu anautsitsa ulendo uno? Atamupempha liwiro anapita molunjika kapena anapendekera kumpanda? Makutu anali chilili kapena anawagoneka? Atadutsa mzere anaima msanga kapena anali akadali ndi mphamvu? Ankafunadi kudziwa. Munthu wathyoka chiuno chifukwa cha mpikisano umenewo, ndiye ankafuna aone ngati unali wokoma.

Ndinazindikira pampando pomwepo kuti mpikisano umene ndinausankha m'malo mwa munthu, sindinauone. Ndinkangoyang'ana mtundu wa malaya a wokwerapo ndi kanambala kapakona. Ndinawauza choncho, ndikulira. Sananditonthoze. Anadikira mpaka nditamaliza, kenako anafunsa kuti mphunzitsi wake ndi ndani. Nditatchula dzina anaseka pang'ono, osati mokondwa. Ndinayamba kufotokoza za mbiri yake, za ulendo wachiwiri uja, ngati ndikudziteteza pa mayeso. Anandidula.

"Unawerenga theka. Waona zimene akavalo ake amachita ali ndi zaka ziwiri. Pita ukaone kuti akafika zaka zinayi amakhala ali kuti."

Anati pali anthu amene amadziwa kufinya mwana wa kavalo kuti apereke zonse chaka choyamba, mafupa asanakhwime, ndipo papepala amaoneka akatswiri chifukwa pepala silitsata amene asowa. Kenako tinamva nsapato za Janet mukhonde, ndipo analankhula mofulumira, motsitsa mawu.

"Janet sindinamuuze, ndipo sindimuuza. Si ntchito yanga. Koma mawa ukulowa m'nyumba ya munthu wina, mwina amene sangathe n'kubuula komwe."

Janet analowa ndi tiyi, iwo n'kuyamba kudandaula kuti waika shuga wochepa.

Mukhoza kuganiza kuti ndinachoka pamenepo n'kupita molunjika kukaulula. Ayi. Chimene chinandigwira poyamba chinali funso lija la zaka zinayi. Linandisowetsa mtendere ngati kamwala mu nsapato. Tsiku lotsatira ndinali pa ofu, ana ali kusukulu, bambo ali kuntchito. Ndinakhala patebulo la kukhitchini ndi kope langa, n'kutenga mayina a akavalo aang'ono a mphunzitsi uja amene anapambana zaka zam'mbuyo, omwe aja ndinkawawerenga monyadira, n'kuyamba kutsata mmodzimmodzi. Uyu anathamanga kawiri chaka chotsatira, kenako zii. Uyu anagulitsidwa kunja. Uyu manambala ake anayamba 1, 1, 2, kenako 7, kenako 0, 0, kutanthauza kumbuyo kwenikweni, n'kuthera pomwepo. Amene anali akuthamangabe pa zaka zinayi anali owerengeka. Zonsezi zinali poyera nthawi yonseyi, patsamba lomwelo limene ndinkalitsegula tsiku ndi tsiku. Sindinazione chifukwa sindinkazifuna.

Nditatseka tsamba limenelo, chala changa chinapita chokha pa apu ija, koma ulendo uno ndinatsegula pamene sindinkatsegulapo, pa mndandanda wa zonse zimene ndinabetchapo. Sindinayang'ane ndalama. Ndinayang'ana nthawi. Kenako ndinatenga marota anga akale, amene amasonyeza kuti ola lakuti ndinali m'nyumba ya ndani, n'kuika pambali. Ndinayamba kufananitsa. Lachiwiri lakuti, 12:40, ndinali kwa gogo wina wa ku Belgrave amene amatsamwa akamadya ngati sumuyang'anira. Lachisanu lakuti, ndinali kwa mayi wina wa shuga, nthawi yomupatsa mankhwala. Tsamba ndi tsamba, miyezi ndi miyezi. Ine ndinkadziuza kuti za bambo Walter zinali ngozi ya tsiku limodzi. Mapepala awiri aja ananena kuti anthu ambiri ndinawasiya ataima, kungoti mmodzi yekha ndiye anagwa.

Loweruka m'mawa ana atapita kokasambira, ndinaika mapepala aja patsogolo pa bambo a Tadala n'kuwauza zonse, kuyambira envelopu ya pensulo mpaka masekondi aja a kukhitchini. Sanandidule. Nditamaliza anadzuka, anatuluka panja, n'kutsuka galimoto imene anali atatsuka dzulo lake. Ndinkawaona pazenera. Atabwera anakhala pansi, manja akadali onyowa.

"Za ndalama tidzakamba. Koma bambo aja, mayi a Tadala, mwawasiya asenze bodza lanu ali pabedi la chipatala?"

Ndinati ndikuopa kuchotsedwa ntchito. Anati n'zoona, mwina andichotsa, ndipo Lolemba adzandiperekeza okha.

Anandiperekezadi, anadikira m'galimoto. Manijala anamvetsera, anatseka chitseko, anaitana mnzake kuti alembe. Anandiimitsa ntchito tsiku lomwelo. Panakhala kafukufuku, anabwera a ku khonsolo oona za chitetezo cha okalamba, ndipo pamapeto pake anandichotsa. Dzina langa linapita kwa amene amagamula ngati munthu angagwirenso ntchito ndi anthu osatha kudziteteza, ndipo ndinadikira miyezi yambiri kalata yawo. Sananditsekere, anati chifukwa ndinadziulula ndekha ndipo ndinali nditayamba kulandira thandizo. Komabe ku keya sindinabwerere. Ndikudziwa kuti ena muno mapepala anu okhalira m'dziko muno amangiriridwa ku ntchito, ndipo mukumva izi mukuti, ameneyu anali ndi mwayi, ake anali okhazikika kale. N'zoona, ndipo sindikuuzani kuti n'zophweka. N'chifukwa chake ndikuti thandizo lifuneni lero, munthu asanagwe.

Janet anandiimbira kamodzi kokha. Sanatukwane. Anangoti, "Ndinakuthokozatu," n'kudula foni.

Tsopano mmene ndinabwererera, poti si pemphero lokha ngakhale pemphero linalipo. Sabata yomweyo, bambo a Tadala ali pambali panga, ndinalembetsa pa ndondomeko ija yodzitsekera wekha, imene imakutseka pa maapu onse a juga a m'dziko muno nthawi imodzi. Ndinasankha zaka zambiri zimene amalola. Ku banki ndinaikitsa loko woletsa khadi kulipira za juga. Ndinapita kwa dokotala wathu n'kunena mawu akuti juga ndi pakamwa panga, iye n'kunditumiza kwa alangizi, ndipo kuchokera kumeneko ndinapeza gulu limene timakumana Lachitatu madzulo m'tauni. Muli azungu, amwenye, Mzambiya mmodzi amene amandiseka Chinyanja changa, ndipo nkhani zathu zimafanana mochititsa manyazi. Ntchito ndinapeza ku fakitale yopanga masangweji, kumene foni imatsala mu loka ndipo manja amakhala m'magolovesi tsiku lonse. Malipiro amalowa mu akaunti ya tonse awiri, bambo amaona chilichonse. Poyamba zinkandiwawa ngati ndine mwana. Pano ndi zimene zimandigonetsa tulo.

Ndinagwaponso kamodzi, ndisakunamizeni. Patatha miyezi isanu ndinadutsa pa shopu ya juga ndili ndi ndalama ya m'manja yogulira nyama, ndipo ndinalowa. Kutseka kwa pafoni sikufika m'mashopu, ndipo mutu wanga unali ukudziwa zimenezo kalekale. Ndinatuluka wopanda nyama. Kusiyana kwake n'kwakuti tsiku lomwelo ndinawauza bambo, ndipo mawa lake tinakalembetsa kuti andiletsenso m'mashopu, ndi chithunzi changa chomwe. Kupereka chithunzi chako kuti anthu azikubweza pakhomo si chinthu chokoma. Ndinapereka.

Mlangizi wanga anandiuza chinthu chimene sindinkayembekezera. Anati mutu wanga wokonda kufufuza si mdani, kungoti ukausiya wopanda ntchito udzabwerera kumene unkadya. Ndiye ndinalembetsa masamu ku koleji, kalasi ya akuluakulu. Ndimakhala ndi Tadala patebulo limodzi, iye homuweki yake ine yanga, amandikonza m'Chingerezi ine n'kumuyankha m'Chichewa. Mayeso ndikulemba chaka chino. Za Kamphumi sindidziwa kuti zinatha bwanji. Pano akanakhala ndi zaka zinayi. Masiku ena ndili pa lamba wa masangweji ndimadzifunsa ngati akuthamangabe, ngati miyendo yake inapirira, ngati anagwera m'manja mwa munthu wodekha. Kufufuza kwake n'kwa mphindi imodzi. Sindifufuza, chifukwa ndikudziwa kuti tsamba limene lili ndi yankho lili ndi mipikisano ya mawa pambali pake.

Bambo Walter sanabwerere kunyumba kwawo. Chiuno chinapola koma miyendo sinalimbenso, ndipo nyumba ija inagulitsidwa kuti alipirire malo ku nyumba yosamalira okalamba cha ku Oadby. Ndinawalembera kalata kudzera kwa Janet, osayembekezera yankho. Chaka chinatha. Kenako Janet anatumiza uthenga waufupi, wopanda moni, wonena dzina la malowo ndi maola ochezera, ndi kuti iye sadzakhalapo.

Ndinapita Lamlungu titaweruka kuno. Anali pa njinga ya olumala m'chipinda chochezera, ndipo mutu wawo unali utayamba kutaya zinthu. Anandizindikira, anatchula dzina langa bwinobwino. Anandigwira dzanja n'kufunsa ngati ndinawauza anthu aja. Ndinati eya, ndinawauza, ndipo ntchito inatha. Anagwedeza mutu, anati chabwino. Tinakamba za mvula, za mbalame zimene zinali pa udzu panja. Patapita mphindi khumi anandigwiranso dzanja n'kufunsa ngati ndinawauza anthu aja. Ndinayankhanso chimodzimodzi. Masana amenewo anandifunsa kanayi, ndipo kanayi konse ndinali ndi yankho loti ndiwapatse. Pobwerera pa basi ndinaganiza kuti ndikanakhala kuti sindinaulule, bwenzi nditanamiza munthu ameneyu kanayi m'ola limodzi, kapena bwenzi ndisanapite n'komwe. Ndimapitako kamodzi pamwezi. Amafunsabe.

Ndiye abale anga, sindikudziwa kuti muno muli ndani. Mwina anu si akavalo, ndi mpira, kapena timasewera tija tozungulira pafoni tooneka ngati ta ana. Mwina pamene ndikulankhula pano foni yanjenjemera m'chikwama ndipo mukungodikira kuti mayiyu akhale pansi. Sindikufunsani kuti muimike dzanja. Tikatseka ndi pemphero ine ndikhala kukhitchini kuja ndikutsuka makapu, ndipo ndichedwa dala. Kudzitsekera kuja kumatenga nthawi yochepa kuposa kuwiritsa ketulo, ndipo ndikudziwa podina. Amene akufuna, abwere ngati akudzandithandiza kupukuta.